Za Oyenda pa Chipale, ndi Zimene Ana a ku Nyanja Adziwa Kale

Mwana aliyense wa ku Chintheche kapena ku Kande adziwa kuyendetsa mkombero wa njinga yakutha. Aukankha ndi kamtengo, nathamanga pambuyo pake m'njira ya pakati pa minda ya chinangwa. Mkomberowo ukaima chilili upita molunjika. Koma ukapendekeka pang'ono kumanzere, ukhotera kumanzere wokha, popanda munthu woupotoza. Ndipo ukapendekeka kwambiri uzungulira pafupi, kufikira utagwa. Ana aona zimenezi tsiku ndi tsiku osaziyesa kanthu. Koma m'kanthu kakang'ono aka muli nzeru imene anthu a maiko ozizira anaifunafuna zaka zambirimbiri, ndipo akatswiri a masewera a kumeneko aiphunzira ndi thukuta mpaka lero.

Poyamba nkofunika kudziwa dziko lawolo. Ku Norway, ku Scotland ndi ku maiko ena a kumpoto, nyengo ya chisanu izizira koposa m'mawa wa June pa Nyika. Madzi a m'mathamanda ndi a m'nyanja zazing'ono auma pamwamba, nakhala gwa ngati mwala, kotero kuti anthu ayendapo. Amenewo ndiwo madzi oundana. Ndiponso mvula ya kumeneko nthawi zina sigwa ngati madzi ai, koma igwa tinthu toyera, topepuka ngati thonje, timene tiunjikana pansi kufika m'maondo kapena kupitirira. Ichi ndicho chipale chofewa. Chisiyana ndi matalala, pakuti matalala ndi olimba ndipo alasa, koma chipale chigwa mwakachetechete.

Nyanja ya Malawi siundana konse. Madzi aundana atazizira kufika pa madigiri 0, ndipo a nyanja ino, ngakhale mwera uombe mwezi wathunthu, satsika pansi pa madigiri 20. Koma amuna ambiri a m'mbali mwa nyanja apita kukagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo kumeneko chipale chinagwa mu September 1981, ndiponso mu July 2023. M'mapiri a Lesotho chigwa chaka ndi chaka. Ndipo kuli malo otchedwa Afriski, kumene anthu atsetsereka pa chipale m'miyezi ya June, July ndi August. Chotero nkhani iyi si ya kutali monga imvekera.

Pa madzi oundana munthu sangayende bwino ndi nsapato wamba, pakuti mpoterera koposa thanthwe la ndere. Makolo a anthu a kumpoto kwa Ulaya anatenga mafupa a miyendo ya akavalo ndi ya ng'ombe, nawasalaza, nawamanga kunsi kwa mapazi ndi zingwe zachikopa. Pamenepo anadzikankha ndi ndodo yosongoka, monga achitira mwini bwato pa madzi osaya. Anapita msanga ndithu, koma kukhota kunawavuta, chifukwa fupa lilibe mbali yakuthwa yogwira pansi. Pambuyo pake anthu a ku Holland, amene dziko lawo ladzala ndi ngalande zikuluzikulu, anaika chitsulo m'malo mwa fupa, ndipo kuyambira pamenepo kukhota kunatheka.

Chitsulo cha masiku ano chili ngati mpeni womangidwa kunsi kwa nsapato. Kutalika kwake kulingana ndi phazi la mwini wake, ndipo kuchindikala kwake ndi mamilimita 3 kapena 4 okha. Kanoledwe kake nkodabwitsa. Akumba kangalande kunsi kwake, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, kotero kuti mpeni umodzi ukhala ndi mbali ziwiri zakuthwa, ina ya mkati, ina ya kunja. Ndiponso suli woongoka, koma wapindika pang'ono ngati kunsi kwa bwato. Tsono munthu akaima chilili, mbali zonse ziwiri zigwira pansi, ndipo apita molunjika. Akapendeketsa phazi, mbali imodzi yokha iluma madzi oundanawo, ndipo mpeniwo umtenga numkhotetsa, monga momwe mkombero uja ukhotera.

Mu mzinda wa Edinburgh ku Scotland munali bungwe la anthu a masewera awa m'zaka za m'ma 1700. Wofuna kulowamo anayesedwa chotere: azungulire bwalo lathunthu ataima pa mwendo umodzi, abwereze ndi mwendo winawo, ndipo pomaliza alumphe chipewa chimodzi, kenaka ziwiri, kenaka zitatu zosanjikizana. Zipewazo zinali zokondweretsa openyerera chabe. Mayeso enieni anali bwalo lija, pakuti palibe munthu angathe kulizungulira pa mwendo umodzi ngati sadziwa kudalira mbali imodzi ya mpeni wake. Dziko lomweli la Scotland ndilo kwao kwa Dr Robert Laws, amene anamanga mishoni pa Bandawe mu 1881.

Amenewo ndi masewera a pamalo osalala, opanda chitunda. A m'mapiri ndi ena. Pa chipale chofewa mpeni ungomira, ndipo munthu woyenda pansi amira mpaka m'ntchafu. Chifukwa chake anthu a ku Norway anasema matabwa awiri aatali, opapatiza, opindikira m'mwamba kutsogolo, limodzi la phazi lililonse. Dzina lake ndi ski, ndipo m'chinenero chakale cha kumeneko liwuli litanthauza mtengo wong'ambidwa. Anagwiranso ndodo m'manja zodzikankhira. Poyamba matabwa awa sanali a masewera. Anali a alenje, a amtengatenga ndi a asilikali, monga bwato liri la msodzi lisanakhale la mpikisano.

M'mudzi wa Morgedal, m'chigawo cha Telemark, munabadwa mu 1825 munthu wosauka dzina lake Sondre Norheim. Iye anapota mizu ya mtengo, namanga nayo chidendene, kuti thabwa limvere phazi ndipo lisavuke polumpha. Matabwa akenso anali ochepa pakati kusiyana ndi kutsogolo ndi kumbuyo. Mu 1868 anapita ku mpikisano ku Christiania, mzinda umene lero utchedwa Oslo, napambana ali ndi zaka zoposa 40. Ndipo anthu a mu mzinda anadabwa poona munthu wa kumudzi alikukhota pa chitsetso monga afunira. M'zaka za m'ma 1920 munthu wa ku Austria, Rudolf Lettner, anakhomera tizitsulo m'mphepete mwa matabwa, chotero thabwa linalandira mbali zakuthwa ngati mpeni uja. Ndipo mu 1993 kampani ya Elan ya ku Slovenia inatulutsa matabwa a chiuno cholowa mkati koposa akale. Ambiri anawaseka poyamba, koma zisanapite zaka 10 matabwa oongoka anali atasowa m'masitolo.

Nanga chiuno chimenechi chithandiza bwanji? Apa mpofunika kumvetsa bwino. Thabwa la masiku ano lifanana ndi mtondo: lili lalikulu kumutu, lalikulu kunsi, koma lowonda pakati pamene paponda phazi. Likagona chafufumimba pa chipale lipita molunjika. Munthu akalipendeketsa pa mbali yake imodzi, mutu ndi mchira zikhudza pansi, koma chiuno chitsala m'malere. Pamenepo kulemera kwa munthu kukanikiza chiunocho kufikira chitakhudza pansi nachonso, ndipo thabwa lonse lipindika ngati uta. Tsono mbali yakuthwayo yasanduka mzere wokhota, ndipo thabwa liyenda motsata mzere wake womwe: pamene padutsa mutu mpamene padutsa chiuno, mpamenenso padutsa mchira. Akapendeketsa kwambiri, uta upindika kwambiri, ndipo akhota pafupi.

Kukhota kotere Azungu akutcha kusema, ndipo dzinali liyenera. Mmisiri wosema bwato akadziwa ntchito yake, nsompho yake itsata mzere umodzi, nisiya mtengo wosalala. Wophunzira angokhapakhapa, nasiya zipsera. Chomwechonso katswiri akatsika phiri asiya pambuyo pake timizere tiwiri tating'ono, toyera, tokhotakhota ngati njira ya njoka pamchenga. Koma wophunzira apotoza mapazi ndi mphamvu, mchira wa thabwa nukhwekhwerezeka cham'mbali, nusesa chipale ngati tsache. Akhota ndithu, koma ataya liwiro, ndipo atopa msanga. Kukhwekhwereza sikuli koipa nthawi zonse ai, pakuti ndiko kuimitsa munthu pamene patsogolo pali mtengo kapena mnzake wagwa. Katswiri adziwa zonse ziwiri, nasankha.

Aphunzitsi a masewera awa anaona kalekale kuti mwana wozolowera mipeni ya pa madzi oundana sachedwa kudziwa kusema. Zifukwa zake nzoonekeratu. Akakolo ndi maondo ake adziwa kale kupendeketsa phazi ndi kumva pamene mbali yakuthwa yaluma. Adziwa kuika thupi lonse pa mwendo umodzi, ndipo pa matabwa ichi nchofunika koposa, pakuti pokhotera kumanzere kulemera kwambiri kukhala pa mwendo wa kumanja, ndiwo wa kunja kwa bwalo. Pokhotera kumanja kusamukira pa mwendo wa kumanzere. Koposa zonse, saopa kuterereka. Munthu wamba akamva pansi palikuthawa aumitsa thupi, koma iye waona kale kuti poterera pali njira yake. Namwali wa dziko la Czech, Ester Ledecká, anabadwira m'banja lotere: amake anali ovina pa madzi oundana, agogo ake aamuna anali katswiri wa hockey ya pa madzi oundana, ndipo iyenso anaisewera ali mwana. Mu 2018, pa masewera a Olympics ku PyeongChang m'dziko la Korea, anapata mendulo ziwiri zagolide: ina pa matabwa awiri, ina pa thabwa limodzi lalikulu loponda ndi mapazi onse.

Koma nzeru ya masewera ena ili ndi pamene inyenga mwini wake. Mpeni uli waufupi, ndipo utembenuka pomwepo munthu akangofuna. Thabwa lili lalitali pafupifupi msinkhu wa munthu, ndipo lifuna nthawi kuti lipindike. Wozolowera mipeni asowa chipiriro; apotoza phazi thabwa lisanalume, nayamba kusesa. Ayenera kuphunzira kupendeketsa, ndi kudikira. Chinanso, iye anakulira pamalo osalala, ndipo phiri ndi chinthu chachilendo kwa iye. Akapenya kunsi mantha amgwira, nabweza thupi m'mbuyo. Pamenepo mitu ya matabwa ipepuka, nileka kugwira pansi, ndipo matabwawo athawa naye.

Ichi chomaliza ana a ku Usisya achidziwa bwino, ngakhale sanaone chipale. Kumeneko mapiri atsika chiimire mpaka kunyanja, ndipo njira zake nzovuta mvula itagwa. Mlendo akatsika aopa, nabwerera chagada, ndipo zidendene zimthawa, nakhala pansi m'matope ana alikumseka. Mwini mudzi apinda maondo, naweramira kutsogolo pang'ono, kuti thupi likhale pamwamba pa mapazi. Satsikanso molunjika. Ayenda chopingasa, uku ndi uko, napondetsa mbali ya phazi yoloza kuphiri kuti ilume dothi. Munthu wa pa matabwa adutsa chitsetso mwa njira yomweyo.

Koma mphunzitsi wamkulu wa m'mbali mwa nyanja ndiye bwato. Bwato losema la nyanja ino lili lozungulira kunsi, ndi kamwa lake lopapatiza, kotero kuti wopalasa akhala pamwamba pa milomo yake, miyendo yokha ili mkati. Silikhazikika ngati mpando. Funde lililonse liligwedeza, ndipo munthu wa kumtunda akakwera koyamba agwiritsa ndi manja onse awiri, naumitsa msana. Tsono iye ndi bwato akhala ngati mtengo umodzi. Bwato likapendekeka, mutu ndi mapewa ake zipita nalo, ndipo popeza ndizo zili pamwamba, zilikoka ndi kulimaliza kugubuduza. Msodzi satero. Chiuno chake nchomasuka. Funde likakweza mbali imodzi, chiuno ndi miyendo zipendekeka pamodzi ndi bwato, koma chifuwa ndi mutu zikhala chilili pakati. Ayang'anitsitse mwana aliyense asodzi a usipa pobwera m'mawa mwera utayamba: bwato livina, koma mutu wa munthu suvina.

Ichi si chinthu cha masewera chabe. M'miyezi ya chisanu mwera udzuka msanga, ndipo m'nyengo ya mvula mpoto ubwera mwadzidzidzi. Mnyamata amene mantha amuumitsa chiuno pakati pa mafunde aika moyo wake ndi wa anzake pangozi. Nchifukwa chake nkwabwino kuti ana aphunzire kusambira poyamba, naseweretse bwato pafupi ndi gombe, pa madzi ofika m'chifuwa, pali akulu oyang'anira. Aligwedeze dala, agwemo, akwerenso, kufikira thupi litazolowera. Pa nyanja yaikulu si pophunzirira.

Tsono katswiri wa pa chipale achita chimodzimodzi ndi msodziyo. Pokhota mwaliwiro miyendo yake ipendekeka kwambiri, nthawi zina kufikira ntchafu ya mkati itayandikira pansi. Koma thupi lipindika pa chiuno, ndipo mapewa akhala olingana, chifuwa chili pamwamba pa thabwa la kunja. Akapendeketsa thupi lonse ngati mtengo wogwa, kulemera kuchoka pa thabwa la kunja, mbali yakuthwa nileka kuluma, ndipo agwera mkati mwa bwalo. Ophunzira ambiri a ku Ulaya atha miyezi alikulimbana ndi chiuno chouma. Mwana wa msodzi anachimasula asanadziwe kuwerenga.

Atsikana asaganize kuti nzeru iyi nja anyamata okha. Mtsikana wosenza mtsuko wodzaza pa nkhata, pochokera kunyanja, adutsa pa mchenga wotitimira, pa miyala ndi pa mizu. Mapazi ake apeza popondapo, maondo apinda, chiuno chigwedezeka uku ndi uko, koma khosi ndi mutu ziyenda mosalala, ndipo madzi satayika. Sapenyanso mapazi ake, pakuti akaweramitsa mutu mtsuko ugwa. Maso ake ali patsogolo. Ichi nachonso aphunzitsi a pa chipale achinena kosaleka, kuti munthu apenye kumene afuna kupita, osati pa mitu ya matabwa ake. Wopalasa amene afuna kufika pa chilumba cha Kande aloza maso pa chilumbacho. Akamapenya mutu wa bwato ayenda mokhotakhota.

Za njinga nzodziwika kwa onse. Ikathamanga siikhota ndi chiongolero chokha, koma ndi kupendekeka, pakuti mikombero yake ndi yomwe ija. Wodziwa akafika pokhota pa njira ya mchenga achepetsa liwiro asanalowepo, natsitsa chopondera cha kunja, naikapo kulemera kwake, kuti matayala agwire pansi. Wogwira mabuleki ali pakati pokhota aterereka, nagwa ndi dengu lake la nsomba. Phazi la kunja lolemeralo ndilo lomwe lija la pa thabwa la kunja.

Kodi tsono mwana wa ku Kande akapita ku Lesotho adzasema tsiku loyamba? Iai. Adzazizidwa zala, nsapato zolimba zidzampweteka, ndipo adzagwa kawirikawiri monga agwa onse. Koma kuchokera m'dziko lotentha sikuletsa munthu. Lamine Guèye wa ku Senegal anapikisana pa matabwa pa masewera a Olympics ku Sarajevo mu 1984, ndipo Kwame Nkrumah-Acheampong wa ku Ghana, amene anayamba kuphunzira ali wamkulu kale, anapikisana ku Vancouver mu 2010.

Ndiponso bwato, monga mpeni uja, lili ndi pamene lidzamnyenga. Bwato silikhota ndi kupendekeka monga mkombero. Likhota ndi nkhafi. Mphamvu ya wopalasa ili m'manja, m'mapewa ndi mu msana, ndipo miyendo yake ikhala duu m'bwatomo. Munthu wotere akapatsidwa ndodo ziwiri pa chitsetso, manja ake adzakumbukira nkhafi. Adzafuna kudzikhotetsa pobaya ndodo pansi ndi potembenuza mapewa, mapazi ali chigonere. Ndipo mapewa akatembenuka, mchira wa thabwa usesa. Ndodozo sizili nkhafi ai. Katswiri angokhudza nazo pansi pang'ono posintha mbali, monga woimba ng'oma asunga nthawi. Chifukwa chake aphunzitsi ambiri alanda ndodo kwa ophunzira masiku oyamba, nawatsitsa pa chitsetso chaching'ono manja ali pa maondo, kufikira mapazi atayamba kugwira ntchito okha.